Tsiku Limene Tinakhalira Makasu

Ndakumba manda zaka zambiri. Ndinayamba ndisanakwatire, pano mutu wayera. M'mudzi mwathu, kumtunda kuno pakati pa Boma ndi Matandani, adzukulu okumba manda tilipo khumi ndi awiri. Palibe amatisankha. Munthu amangotenga khasu tsiku lina n'kutsatira anzake, basi walowa.

Lamulo lathu ndi limodzi. Mwamuna aliyense wa m'mudzi azioneka kumanda pakagwa maliro. Kaya akumba, kaya achotsa dothi, kaya angodula mizu, koma aoneke. Wosabwera timamusungira. Tsiku limene zovuta zagwa pakhomo pake, timagoneka makasu pansi n'kukhalira mipini. Amakumba yekha, ife tikuonerera, mpaka dzenje limufike m'chiuno. Akatero ndiye timadzuka. Mayina sitilemba. Timati timasunga m'mutu. Kale ndinkaganiza kuti mitu khumi ndi iwiri singaiwale chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Panali mkamwini wina amene tinkangomutchula kuti wazidebe. Anachokera ku Luwani. Makolo ake anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala. Iye anakwatira mwana wa m'mudzi mwathu n'kumanga nyumba kuseri kwa yanga. Ntchito yake inali kukhoma zidebe ndi mbaula pamsika wa pa Boma. Ankanyamuka panjinga kusanache bwino, kubwera dzuwa likulowa. Sankamwa. Bawo sankasewera. Ukamupatsa moni ankayankha bwinobwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindinkaona cholakwika, chifukwa inenso ndine wotero. Koma ine ndinabadwira pano. Munthu wobadwira pano akakhala chete amati ndi wofatsa. Wobwera akakhala chete amati akubisa kanthu.

Mkazi wake anali wosiyana naye. Maliro aliwonse iye ankakhala woyamba kufika ndi nkhuni pamutu, womaliza kuchoka atatsuka miphika. Amayi anga atamwalira ndi iye amene anawasambitsa.

Mawu anayamba ndi munthu mmodzi. Tinkakumba manda a nkhalamba ina, ndipo tili popuma mnzathu wina wamtali, msuweni wa mkazi wa wazidebe, anayang'ana uku ndi uku.

"Alamu anga aja sanabwere, eti?"

Tsiku limenelo sanabweredi.

Pamaliro otsatira wamtali anabwerezanso. Ulendo uno wina anawonjezera kuti, "Amabwera liti iwo aja?" Anthu anaseka. Pofika maliro achitatu wamtali sanavutikenso kuyambitsa. Ena ankayamba okha.

"Wazidebe dothi la kumanda salidziwa."

"Akuti kwawoko akufa amadzikwirira okha."

Ngakhale mkulu wathu, amene amagwira bango loyezera manda, munthu wosalankhula zopanda pake, anagwedeza mutu movomereza.

Inenso ndinanenapo. Sindibisa. Tsiku lina ndinati, "Akuopa matuza. Manja aja anazolowera malata." Anaseka kwambiri, wina mpaka kundimenya paphewa. Ine sindine munthu woseketsa anthu. Zinandikomera. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wopepuka, ndinadutsa pakhomo pa munthu yemweyo, n'kumupatsa moni.

Koma panali chimene ndinkadziwa. Dzinja la chaka chimenecho tinakumba manda a mwana wina mvula ikugwa. Tinabwera ochepa, asanu okha. Ine ndinali m'dzenje ndi wazidebe, misana ikugundana. Madzi ankalowa, iye n'kumawatunga ndi chidebe chimene anabwera nacho. Ndinkakumbukanso maulendo ena awiri amene anabwera m'mbuyomo. Tsiku lina atayambanso kumunena, ndinayesa.

"Koma tsiku la mvula lija analipo."

"Liti limenelo?" anafunsa wamtali.

"La mwana uja."

"Aa, achimwene! Amene uja anali wa kutsidya, malume ake a mwanayo. Mwayamba kukalamba inu."

Anzanga awiri amene analipo tsiku la mvulalo anavomereza kuti anali wa kutsidya. Ndinawayang'ana. Anandiyang'ana osaphethira. Panjira ndinayamba kudzifunsa. Mvula inali yambiri, tonse tinali matope okhaokha. Mwina analidi wa kutsidya. Patatha sabata nkhope ya munthu wa m'dzenje uja sindinkaionanso bwino m'mutu mwanga. Zimenezi zimandiopsa mpaka lero, kuposa manda enieniwo.

Wamtali ndinkamukayikira. Mkazi wa wazidebe anali ndi dimba la makolo kumtsinje, lokhala ndi mitengo ya manachesi, ndipo linachita malire ndi la wamtali. Mkaziyo anali atayamba kudwaladwala. Ana awo awiri anali ku Blantyre. Mkamwini amene anthu amuda sachedwa kunyamuka mkazi akamwalira. Ndinkaganiza zimenezo. Koma umboni ndinalibe. Mwina ankangodana ndi munthu wobwera. Mwinanso ankangofuna choseketsa anzake, ngati mmene ndinachitira ine.

Mkaziyo anamwalirira kuchipatala pa Boma mu Okutobala. Thupi linafika pagalimoto madzulo. Kunali kutentha koopsa, ndipo achibale anagwirizana kuti aike maliro mawa lake dzuwa lisanafike pamutu.

M'mawa, ndikutenga piki kuseri kwa nkhokwe, mkazi wanga anaima ndi mtolo wake wa nkhuni.

"Ndamva zimene mukufuna kuchita."

"Ndani?"

"Inu adzukulu."

"Ine sindinamve kanthu."

"Mukamva komweko. Koma mudziwe kuti wagona m'nyumba muja si wa ku Luwani ayi. Ndi wathu."

Zoona sindinamve kanthu. Chinandidabwitsa n'chakuti nkhani ya adzukulu yafika kwa amayi isanafike kwa ine. Ndiye kuti penapake anakumana ine kulibe. Ndinayenda njira yonse ndikuwerenga amene akanatha kukhalapo.

Kumanda tinafika tonse khumi ndi awiri. Zimenezonso sizichitikachitika. Mkulu wathu anagoneka bango pamalo amene achibale analoza, pafupi ndi amayi ake a malemu. Analemba mizere inayi ndi nsonga ya khasu. Tinalambula udzu. Mpaka pamenepo zonse zinali ngati masiku onse, ndipo ndinayamba kuganiza kuti amayi anangomva zam'maluwa.

Kenako wamtali anagoneka khasu lake pansi n'kukhalira mpini. Anatulutsa fodya n'kuyamba kupichira.

Mnzake amene amayenda naye anakhalanso. Wachitatu anayang'ana mkulu wathu, mkulu wathu akuyang'ana bango. Wachitatuyo anakhala. Wachinayi ndi wachisanu anakhala limodzi. Otsalawo sanachedwenso, ankangogwa ngati nthochi zakupsa. Aliyense asanakhale ankayamba wayang'ana mnzake wapafupi. Palibe amene anayang'ana mizere ya manda.

Tinatsala awiri, mkulu wathu ndi ine. Iwo ankandiyang'ana, ine ndikuwayang'ana. Akanati "tiyeni tikumbe" ndikanakumba. Pambuyo pake anadzandiuza kuti ndikanamenya pansi ndi piki kamodzi kokha, iwo akanalamula onse kuti adzuke. Kaya ndi zoona. Anakhala pansi pang'onopang'ono, akugwira bondo.

Ndinaima ndekha.

"Achimwene, mwaima ngati mlonda wa pasitolo," anatero wamtali. "Khalani pansi, mukutitchingira mphepo."

Anaseka. Ndinagoneka piki n'kukhalira.

Mnzake wa wamtali anapita kusiwa kukaitana wazidebe. Tinadikira. Nyimbo za amayi zinkamveka kuchokera kumudzi. Chilango chimenechi ndinali nditachionapo kawiri kokha pa moyo wanga wonse. Maulendo onse awiri anali anthu amene aliyense ankadziwa kuti ndi amwano, ndipo womwalira anali malume awo. Anangokumba kufika m'mawondo, tinawaseka, n'kuwalanda makasu. Koma mwamuna kukumba manda a mkazi wake, zimenezo kwathu kuno kulibe. Mwini maliro sagwira khasu. Aliyense pamenepo ankadziwa. Palibe anatchula.

Wazidebe anabwera wosavala nsapato, maso ali ofiira. Anaima kumapeto kwa mizere.

Mkulu wathu anatsokomola. "Bambo, pepani ndi zovutazi. Koma anzanuwa akuti simuoneka kuno."

Sananene kuti "ife tikuti". Ndinamva bwino.

Wazidebe anatiyang'ana mmodzimmodzi, kuyambira kumapeto. Sanafulumire. Atafika pa ine, ndinali kuyang'ana nyerere zimene zinkakoka chiwala chakufa pafupi ndi phazi langa.

"Chabwino," anatero.

Anavula malaya n'kuwakoleka pamtengo. Anatambasula dzanja kuti wina amupatse khasu. Makasu onse tinali titawakhalira. Patapita kanthawi mkulu wathu ananyamuka pang'ono n'kusolola lawo.

Anayamba kukumba. Dothi la Okutobala kwathu kuno ndi louma gwa, khasu limangolira. Poyamba anzanga ankaponya mawu.

"Pang'onopang'ono alamu, si malata amenewo."

"Muwongole mbaliyo, akagona chopendekera."

Iye ankakumba bwino. Ankayamba m'mbali kulowera pakati, dothi n'kumaliponya mbali imodzi yokha, kusiya mbali inayo yoyera kuti onyamula bokosi adzaimepo. Munthu wosadziwa amaponya paliponse. Ndinaona zimenezo. Ndikhulupirira enanso anaona, chifukwa nthabwala zinayamba kuchepa mpaka zinatha. Kunatsala kulira kwa khasu ndi nyimbo za kumudzi.

Dzuwa linakwera. Dzenje linali lisanafike m'mawondo.

Ndinadzuka kupita kuseri kwa tchire kukataya madzi. Ndili komweko ndinamva mapazi. Anali mnzanga wina wamfupi, mmodzi wa awiri aja amene ananena kuti munthu wa tsiku la mvula anali wa kutsidya. Anaima pambali panga, maso ali kutsogolo.

"Ine izi sindikuzifuna," ananong'ona.

"Nanga mwakhaliranji?"

"Ndinaona onse akhala. Inu bwanji?"

"Chimodzimodzi."

"Enanso awiri sakuzifuna. Andiuza."

"Ndiye dzukani."

"Muyambe ndinu, achimwene. Ndinu akulu."

Ndinamuyang'ana m'mbali. Munthu ameneyu ndi yemwe anandikana pamaso pa anthu. Nanga ngati amutuma kuti adzandiyese? Ndikadzuka, iye n'kukhalabe pampini, ndidzakhala ine ndekha wopereka anzanga. Ndinaganiza za mkazi wanga, amene amadwala chifuwa chaka chilichonse. Ndinaganiza za tsiku limene ine ndidzafune anthu khumi ndi mmodzi amenewa.

"Tiona," ndinatero.

Tinabwerera, iye njira yake ine yanga. Tonse awiri tinakhalanso pamipini.

Dzenje litafika m'mawondo khasu linagunda mwala. Wazidebe anayesa mbali ina, mwala womwewo. Anapalasa dothi ndi manja. Linali thanthwe lalikulu, lotenga theka la manda. Pamanda athu zimenezi zimachitika kawirikawiri. Khasu silithandiza, ngakhale piki imangothetheka moto.

Ndinaganiza kuti apempha. Ndikhulupirira wamtali ankadikira zomwezo. Koma wazidebe anatuluka m'dzenje, napukuta manja pathalauza, n'kuyamba kuyenda kulowera kumunsi kwa manda. Tonse tinatembenuka. Anadutsa manda akale, anadutsa chulu, anafika pamkuyu wakugwa umene uli m'malire. Anagwada, n'kulowetsa dzanja m'mphako mpaka paphewa.

Adzukulu tili ndi chitsulo chachitali chophwanyira miyala ndi nyundo yaikulu. Sitipita nazo kumudzi, chifukwa zida za kumanda sizilowa m'nyumba. Timazibisa komweko. Kale tinkazisunga pansi pa mwala wina, koma anthu ogula zitsulo zakale atayamba kuyendayenda tinasintha malo. Tinasintha tsiku la mvula lija, titamaliza manda a mwana. Amayi sadziwa malowo. Amuna osakumba sadziwa. Ngakhale ena mwa ife anachita kuuzidwa pambuyo pake.

Anabwera nazo zonse ziwiri paphewa, nalowanso m'dzenje.

Mkulu wathu anavula chipewa n'kuyamba kuyang'ana m'kati mwake ngati muli kanthu. Wamfupi uja ankakumba pansi ndi chala chakuphazi.

Wamtali ndiye anayamba kulankhula. "Pali wina wamuuza."

Palibe anayankha.

"Ndikuti pali wina pano wamuuza. Malo aja angawadziwe bwanji munthu wosabwera?"

Ndinaganiza kuti apa wina aseka, chifukwa yankho linali poyera. Koma mnzake uja anati, "Zoona." Winanso anati, "Pakati pathu pali njoka." Mitu inayamba kutembenuka. Aliyense ankayang'ana mnzake, ndipo aliyense ankafuna kuti maso a anthu apite kwina, achoke pa iye. Sanachedwe kupeza kopita.

"Amene amakhala naye pafupi ndani?" anafunsa wamtali.

"Ndi amene anachedwa kukhala pansi uja," wina anayankha.

"Ndi amenenso ankamuikira kumbuyo tsiku lija."

"Posachedwapa anapita kutchire. Ankakatani?"

Amene ananena mawu omalizawo anali wamfupi, yemwe tinali naye kutchireko.

Maso onse anali pa ine. Anthu amene ndakumba nawo zaka zonsezi, ena ndinawaphunzitsa ndine kugwira piki. Ankandiyang'ana ngati andiona koyamba.

Ndimafuna nditanena kuti ndinadzuka chifukwa cha chisoni, kapena chifukwa cha mayi amene anasambitsa amayi anga. Si zoona. Ndinadzuka chifukwa chimene ndinkaopa chinali chitachitika kale. Kukhala pampini sikukanandithandizanso.

"Sindinamuuze," ndinatero. "Anabisa nawo yekha. Inu awiri munalipo."

Ndinatola piki n'kulowa m'dzenje.

"Mwaona?" anatero wamtali. "Ndinanena ine."

Wazidebe sanandiyang'ane. Anaimika chitsulo pamng'alu wa mwala, nachigwira ndi manja awiri. Ndinatenga nyundo. Ndinamenya, iye n'kutembenuza chitsulo, ndinamenyanso. Manja ake anali atachita matuza, ena ataphulika, chitsulo chili chonyowa. Tinagwira choncho nthawi yaitali. Kumwamba kunkaoneka miyendo yokha ya anthu okhala pansi.

Mwala utang'ambika koyamba tinaima kuti tipume. Analankhula motsitsa, maso ali pamwala.

"Achimwene, tsiku la mvula lija ndinalipodi, eti?"

"Munalipo."

"Ndimafuna ndimve kwa munthu. Ndinayamba kuganiza kuti ndinalota."

"Nanga zida munazipeza bwanji?"

"Ndinangopita. Ndinati zikapezeka, ndiye kuti mutu wanga uli bwino."

Ndinanyamula chidutswa cha mwala n'kuchiponya kunja.

Woyamba kubwera anali bambo wina wachete amene sanalankhulepo chilichonse tsiku lonse. Sanalowe m'dzenje. Anangoima m'mbali n'kumalandira miyala. Patapita nthawi winanso anatenga fosholo. Kenako mkulu wathu anayang'ana kumwamba, navala chipewa.

"Dzuwa lapita ili," anatero. "Kumudzi akudikira. Tiyeni."

Ananena ngati walamula ndi dzuwa, osati iwo. Onse anadzuka nthawi imodzi, mofulumira kuposa mmene anakhalira. Wamfupi anali woyamba kudumphira m'dzenje.

"Tulukani alamu, tulukani! Mwini maliro sagwira khasu. Mukufuna mutichititse manyazi?"

Wazidebe anatuluka. Anatenga malaya ake n'kumapita osacheuka. Wamtali anadzuka womaliza, koma atagwira nyundo anamenya kuposa tonse, thukuta lili kamukamu, akukalipira anzake kuti akuchedwa.

Mwala uja unatidyera nthawi. Tikanayamba tonse m'mawa tikanamaliza bwinobwino. Bokosi linatuluka m'nyumba dzuwa litapendeka kwambiri. Onyamula ankasinthana pafupipafupi kuposa masiku onse, ndipo amayi oyenda pambuyo anakweza zitenje kufika pamphuno. Mlaliki anafupikitsa mawu. Bokosi sanatsegulenso kuti anthu aone nkhope. Mwana wamkazi wa malemu, amene anafika masana kuchokera ku Blantyre, anapempha kuti aone mayi ake. Anamukaniza. Analira mawu amene sindikufuna kuwalemba.

Titakwirira tinapita kumtsinje kukasamba m'manja ndi kutsuka zida, monga timachitira. Kumeneko nkhani inayamba.

"Ine kuyambira pachiyambi sindinazikonde."

"Inenso. Ndinangoona kuti anthu agwirizana."

"Ine ndinkafuna kudzuka, koma achimwenewa anandiyambirira."

Ndinawerenga. Anthu khumi ananena kuti sanafune. Wamtali anati iye amangotsata lamulo, ndipo ngati panali cholakwika mkulu wathu akanaletsa. Mkulu wathu anati iwo anangonena zimene gulu linafuna. Ndinafunsa kuti anakumana liti kuti agwirizane. Anandiyang'ana modabwa. Anati sanakumanepo. Aliyense anangomva kuti enawo agwirizana. Ndinafunsa kuti anamva kwa yani. Uyu analoza uyo, uyo analoza wina, mpaka chala chinabwerera kwa woyamba. Mwina ankanama. Mwina ankanena zoona, zimene ndi zoipa kwambiri.

Za njoka ija palibe anatchulanso. Palibenso anandipepesa. Wamfupi anandipatsa fodya panjira, ndinakana.

Kunyumba mkazi wanga anali atamva kale zonse.

"Akuti munalowa m'dzenje."

"Ndinalowa."

"Dzuwa lili pati?"

Ndinatenga madzi n'kupita kubafa.

Wazidebe anakhala mpaka miyambo yonse itatha ndipo achibale atamumasula. Palibe anamuthamangitsa. Anthu ankamupatsa moni mokweza kuposa kale, ena ankamubweretsera ndiwo. Ankalandira, n'kuthokoza. Dimba lija analitenga mwana wamkazi, ndipo wamtali sanalimbane nalo ngakhale pang'ono. Choncho mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna. Timakumbabe limodzi. Akakhala kumbuyo kwanga ndi piki ndimasuntha.

Tsiku lonyamuka ndinamupeza wazidebe akumanga zida zake panjinga. Ndinamugwirira chiwongolero kuti amange bwino. Anati akubwerera ku Luwani, ntchito azikagwirira pa Lisungwi.

"Ndikupempheni chinthu chimodzi," anatero. "Pamene tinachotsa mwala paja dothi lidzatitimira mvula ikayamba. Muzikawonjezerapo. Ine kumanda kwanu sindidzapondanso."

Ndinavomera.

Mvula yoyamba itagwa ndinapita kwa mkulu wathu kukapempha. Kwathu munthu salowa kumanda popanda maliro, pokhapokha atauza akuluakulu. Analola. Ndinapita masana, khasu paphewa, kudutsa pakati pa mudzi kuti aliyense aone. Manda anali atatitimiradi mbali ya kumutu. Ndinathira dothi, ndinapondaponda, n'kubwerera. Chaka chotsatira ndinachitanso chimodzimodzi.

Miyezi ingapo yapitayo mkazi wanga anabwera kuchokera kuchigayo nkhope itasintha. Anati amayi ena atamuona anasiya kulankhula. Atafunsitsa, mnzake anamuuza kuti anthu akudabwa kuti mwamuna wake amakatani kumanda yekhayekha. Anafunsa kuti wanena ndani. Mnzakeyo anati aliyense akunena.

Ndinapita kwa mkulu wathu kuti awauze anthu kuti analola okha. Anati akukumbuka kuti ndinabwera kamodzi, koma za kachiwiri sakutsimikiza.

Mvula yagwa sabata yatha. Ndikudziwa kuti dothi latsikanso. Ndapempha anzanga awiri kuti tipite limodzi, ntchito yake ndi yaing'ono. Onse awiri ati palibe vuto, koma ayambe amva kuti enawo akuti chiyani.